Mbewa za Bambo ndi Kiyi wa M'khosi

Nkhani ya mbewa ndinaibweretsa ndekha m'nyumba, palibe wina woti ndimuloze chala.

Nthawi imeneyo ndinkakhala ndi bambo anga ku Berea, mumzinda wa Joni, m'kafulati ka chipinda chimodzi. Ndinawatenga kumudzi ku Ntcheu mayi atamwalira. Joni sanali wachilendo kwa iwo. Anagwirako ntchito m'migodi ali mnyamata, ndipo ankadzitama kuti mzinda uno amaudziwa ndi kunsi komwe. Koma mutu unali utayamba kutaya zinthu. Tsiku lina anaika wailesi m'firiji. Tsiku linanso anapita kukagula buledi pakona, n'kuchita kubwezedwa madzulo ndi mlonda wa kutchalitchi. Anawapeza kutali, buledi ali m'khwapa, akukalipira nyumba za eni ake kuti zasuntha.

Bambo anali ndi kiyi wawowawo, womangirira pachingwe cha nsapato m'khosi. Mlongo wanga wotsala kumudzi ankangoti pafoni, "Uwalande kiyiyo, uziwatsekera ukamapita kuntchito." Kunena n'kosavuta uli ku Ntcheu. Ine kutsekera munthu amene anandibereka ndinkakuopa kwambiri, moti ndinkangoti mawa, mawa.

Ndimagwira ntchito ya m'nyumba ku Sandton. Abwana anga aakazi amakonda wailesi ya zolankhula zokhazokha, yopanda ndi nyimbo yomwe. Tsiku lina ndikusita ndinamva akukamba za kuiwala kwa okalamba, makutu anga n'kuima. Dokotala wina ankafotokoza kuti m'thupi muli puloteni ina, dzina lake klotho, imene imachepa munthu akamakalamba. Akatswiri atabaya mbewa zokalamba jakisoni wa puloteniyo, mbewazo zinayamba kukumbukira bwino njira m'timisewu tokhotakhota tomwe amazikonzera. Ndinafunsa abwana kuti mankhwalawo akugulitsa sitolo iti. Anapukusa mutu, nati akadali kuyesa pa zinyama, kwa anthu sizinafike. Apo n'kuti kolala ya shati ya amuna awo ikununkha kale kupserera.

Mawu akuti kwa anthu sizinafike ndinawasiya ku Sandton komweko. Masitepe a fulati yathu ndinawakwera awiriawiri.

"Ababa, apeza mankhwala a kuiwala! Ayesa pa mbewa, zatheka!"

Anadzuka pampando. "Mbewa? Mpaka anthu kutha zaka kusukulu kuti adziwe zimenezo? Iwe unaonapo mbewa itasochera? Una wake uli ndi kogona, kosunga chakudya, kothawira, zonsezo mumdima, koma siphonya. Ndiye chake! Ine kuiwalaku kwayamba chifukwa wandisiyitsa mbewa. Chaka chonse ukundidyetsa mapazi a nkhuku."

Ndinayesa kuwongola kuti si zakudya ayi, ndi za jakisoni.

"Aikona! Jakisoni ndi wa anthu osadziwa kuwamba."

Ndinaseka mpaka kugwira khoma. Koma ndisaname, kamtima kena kanandinong'oneza kuti, nanga zitatheka? Tsiku lomwelo ndinaimbira mlongo wanga kuti atumize mbewa pa basi. Anandifunsa kawiri ngati wodwala mutu ndi bambo kapena ine.

Khomo loyandikana ndi lathu kunkakhala mayi wina wa ku Mangochi, Msilamu, wogulitsa masamusa, amene ankasuzumira bambo masana ine kulibe. Atamva nkhaniyi anagwira pakamwa.

"Haramu! Inu Angoni inu! Makoswe adzaza m'mabini pansipa, mukuvutitsiranji basi?"

"Khoswe ndi tsotsi, mbava ya m'tauni, mayi," anatero bambo mwaulemu wonse. "Mbewa ndi ya m'munda. Imadya zoyera kuposa ine ndi inu."

Zinafika patatha milungu itatu: mipani iwiri, yokulunga m'nyuzipepala, yokwirira m'thumba la mtedza. Ndinakazitenga ndekha kusiteshoni. M'takisi mayi wina wa Chizulu anayamba kununkhiza uku ndi uku, kenako n'kuloza thumba langa. Ndinamuyankha ndi nkhope youma kuti ndi umuthi wa bambo anga, kutanthauza mankhwala. Anandipepesa, n'kundisunthira malo.

Bambo sanazidye mwadyera ayi. Ankadya imodzi patsiku, m'mawa, ndi kapu ya madzi, ngati mapilitsi a kuchipatala. Aliyense ankayamba amutchula mtundu: uyu ndi kapuku, uyu ndi mende. Tsiku lachisanu anandiuza mayina a anzawo onse a mumgodi. Lachisanu ndi chiwiri anaimba nyimbo ya ngoma yonse osaphonya, akuponda pansi mpaka a fulati ya kunsi anagogoda denga ndi tsache. Ine ndinavina nawo, mayi wa masamusa akuomba m'manja pakhomo uku atatseka mphuno. Ndinasangalala masiku amenewo kuposa masiku ena onse amene ndakhala mu Joni. Wailesi inalowanso m'firiji kamodzi, koma ndinaitulutsa mwakachetechete, osawerengera.

Mpani woyamba utatha, bambo analengeza kuti achira. Loweruka m'mawa anavala jekete nati akukagula buledi okha, ndipo wowatsatira aona zakuda. Ndinabwereka mpango kwa mayi wa masamusa uja, n'kudziphimba kumutu, n'kuwalondola. Mayi wamkulu ine, kubisala kuseri kwa magalimoto a eni ake! Anafika pasitolo bwinobwino. Anatuluka ndi buledi. Ndinatsala pang'ono kuimba nthungululu.

Kenako anaima pakona. Anayang'ana kumanzere, kumanja, n'kukweza maso kunyumba zitalizitali zija. Anthu ankangowalambalala. Anaima nthawi yaitali, ndipo mwendo wanga unachita dzanzi pomwe ndinanjutapo.

"Tatuluka kuseri kwa takisiko, mwanawe," anatero osacheuka. "Ndakuona pamasitepe pomwe. Mayendedwe ndi a mayi ako."

Ndinatuluka, mpango uli m'manja. "Ababa, kunyumba ndi kuti?"

"Sindikudziwa."

"Nanga mbewa zija?"

Anandiyang'ana, mapewa n'kuyamba kugwedezeka. "Iwe unakhulupirira? Mwana woti ndinamulipirira sukulu! Ine ndimangozilakalaka basi. Ndikanangopempha, ukanati ku Joni kulibe."

Ndinaseka pamsewu pomwepo mpaka kukhala pansi, anthu akutiyang'ana. Sindikudziwa pamene kusekako kunasandukira kulira. Bambo anandidzutsa ndi dzanja limodzi, n'kundipatsa buledi kuti ndinyamule, nati nditsogole.

Titalowa m'nyumba anavula chingwe chija m'khosi n'kundiika m'manja. Kiyi anali wofunda.

"Mlongo wako akunena zoona, ndimamumva pafonipo. Uzitseka. Koma uzitseka pang'onopang'ono, ndisamamve."

Lamulungu ndinadontheza mafuta ophikira m'loko, n'kumayeserera bambo akusamba. Lolemba m'mawa ndinawasiyira tiyi m'fulasiki ndi mbewa imodzi pambale. Ndinakoka chitseko, kiyi n'kuzungulira osalira ngakhale pang'ono. Ndinanyang'ama, nsapato zili m'manja. Ndili pasitepe yachiwiri ndinamva mawu kuseri kwa chitseko.

"Uyende bwino, mwanawe."