Mkono Umene Tinathyola ku Sukulu ya Kwacha

Bukulo ndinalipeza pa Kamwendo tsiku la msika, pansi pa mulu wa nyuzipepala zakale zimene bambo wina ankagulitsa kwa amayi okulunga zitumbuwa. Linalibe chikuto ndipo masamba oyamba anali atathothoka, choncho dzina lake kapena la mlembi wake sindilidziwa mpaka lero. Chinyanja chake chinali cha ku Zambia. Ndinaima pomwepo n'kuwerenga tsamba limodzi, kenaka lachiwiri, mpaka wogulitsayo anati, "Amayi, pano si pa laibulale." Ndinaligula.

Nthawi imeneyo ndinali mphunzitsi pa sukulu ina ya pulayimale kufupi ndi Ludzi. Kwathu ndi ku Dedza, ku Mchinji ndinapita ndi ntchito. Lachiwiri ndi Lachinayi masana, ana akaweruka, ndinkaphunzitsa amayi a sukulu ya kwacha m'kalasi ya Sitandade 3. Anali amayi ngati khumi ndi asanu, onse alimi, ndipo ambiri ankabwera akuchokera kudimba, makasu n'kuwatsamiritsa pakhoma panja. Mabuku amene tinali nawo ankakamba za kusamba m'manja ndi kukumba zimbudzi, ndipo amayiwo ankawodzera nawo. Ndinaganiza kuti nthano ziwadzutsa.

Nthano za m'bukulo sizinali ngati zimene tinakula nazo. Munalibe nyama zoyankhula kapena nyimbo zovomerezana. Munali anthu wamba ochimwa machimo wamba, koma zilango zake zinali zoti ukawerenga thupi limachita tsembwe. Mayi wina wamiseche, akanena bodza dzino limodzi linkasanduka njere ya chimanga, mpaka nkhuku za m'mudzi monse zinamugwetsa pansi n'kumujompha m'kamwa. Wamalonda wina wobera anthu pa sikelo, chithunzithunzi chake chinayamba kulemera tsiku ndi tsiku, iye n'kumachikoka ngati thumba la feteleza, mpaka tsiku lina dzuwa lili paliwombo chinalowa pansi pa mapazi ake n'kumumiza m'nthaka youma. Kumapeto kwa nthano iliyonse kunali mzere wa zilembo zikuluzikulu wonena phunziro lake, ngati kuti pali munthu amene akanaliphonya.

Tikamaliza kuwerenga, mkangano unkabuka. Mayi wamkulu pa onse anali wamasiye, wamtali, wa mawu ngati a mwamuna, ndipo ndi amene analikonda bukulo kuposa wina aliyense. Za mayi wamiseche uja anangoti, "Nkhukuzo zinachedwa." Amayi achitsikana ankati zonsezo n'zoopsezera ana, munthu wamkulu sangataye nazo nthawi, komabe Lachinayi ankafika msanga n'kukhala kutsogolo. Nthano ya sikelo ndiyo inagwirizanitsa onse. Wina anati, "Ameneyu ndimamudziwa, amagula mtedza pamsewu paja," kalasi yonse n'kufa nacho chiseko.

A katekisiti, amene ankaphunzitsa kwaya m'kalasi yomweyo ife tikatuluka, anabwereka bukulo masiku awiri. Pobweza anandiimitsa pakhomo.

"Aphunzitsi, chinenero chake n'chokoma, koma mlembi ameneyu sakonda anthu. Ndawerenga nthano zonse, palibe ngakhale mmodzi amene wapatsidwa mpata wolapa. Walakwa, waphedwa. Walakwa, waphedwa. Amayiwa mukuwaphunzitsa chiyani?"

"Kuwerenga," ndinayankha. "Ndipo akuwerenga."

Ndinali wonyada masiku amenewo, chifukwa amayi amene kwa miyezi itatu ankalephera kulumikiza zilembo tsopano ankalimbirana buku.

Nthano imene inabweretsa mavuto inali ya mwamuna womenya mkazi. Tsiku lililonse akamumenya, m'dzanja lake lamanja munkamera diso. Masowo sankatsinzina. Ankamuyang'ana akamadya, akamalima, akamapereka moni, ndipo akamenyanso mkaziyo diso limodzi linkaphulika, iye n'kumva ululu ngati laphulika ndi la kumaso. Pamapeto pake dzanjalo linadzuka lokha pakati pa msika, anthu onse akuona, n'kumugwira pakhosi mpaka anafa.

Kumbuyo kwa kalasi, pafupi ndi windo, kunkakhala mayi wina wamng'ono wosayankhulayankhula. Amuna ake ankapalasa kabaza pa Kamwendo. Tonse tinkadziwa kuti amamenyedwa, chifukwa masiku ena ankabwera atakokera duku mpaka m'nsidze, masiku ena akukhala pabenchi ndi mbali imodzi. Palibe amene ankazitchula. Tsiku limenelo, nditafunsa maganizo awo, iye ndi amene anayamba kuimika mkono, chinthu chimene anali asanachitepo.

"Ine sindinaikonde," anatero.

"Chifukwa chiyani, amayi?"

"Mkaziyo palibe chimene wachita. Wangokhala, kudikira dzanja kuti limuthandize. Dzanja la munthu silimera maso, aphunzitsi. Limangolimba."

Kenaka mayi wamasiye uja anatembenuka nati, "Koma likanakhala kuti limamera, mwana wanga, amuna akowo bwenzi ali ndi maso mpaka m'chigongono."

Amayi anaseka. Inenso ndinaseka, ndiyenera kuvomera. Mwini wakeyo sanaseke, anangowerama n'kumakanda benchi ndi pensulo.

Nthabwala imeneyo inatuluka m'kalasi, inafika pamjigo, inafika kuchigayo, ndipo sabata isanathe inafika pa siteji ya kabaza. Ndinamva pambuyo pake kuti mwamuna wa mayi uja akafika m'mawa anzake ankamuuza kuti, "Tatambasula manja, tione angati lero." Ena akafuna kumupatsa moni ankayamba ayang'ana m'dzanja lake n'kudumpha ngati aona njoka. Makasitomala nawonso anayamba kufunsa kuti nkhani yake ndi yotani.

Bamboyo anabwera Lachinayi lotsatira, cha m'ma fili koloko, kukutentha kwambiri. Ndinali ndikulemba pabolodi pamene ndinamva njinga ikugwa panja. Nditacheuka anali ataima kale pakhomo, thukuta lili kamukamu, m'manja atakulunga tcheni cha njinga. Sanaodire.

"Buku lonena za ine lili kuti?"

"Bambo, bukuli silinena za inu," ndinatero. "Tiyeni panja tikakambirane."

Sanandiyang'ane n'komwe. Anadutsa pakati pa mabenchi, amayi akupatuka, mpaka kumbuyo. Mkazi wake anali ataimirira, msana uli kukhoma, bukulo lili m'manja mwake poti inali nthawi yake yowerenga. Tchenicho chinamupeza paphewa, kachiwiri chinamupeza pakamwa. Mlomo unang'ambika, magazi n'kudonthera pa bulauzi ndi pamasamba. Sanakuwe. Anangotseka nkhope ndi mikono mofulumira, monga munthu wozolowera.

Ndinathamangira komweko n'kumugwira bamboyo malaya. Anatembenuka n'kundimenya chibakera pakhutu lamanzere. Ndinagwera pa desiki, kenaka pansi, ndipo kwa kanthawi sindinamve chilichonse koma kulira kwa belu m'mutu. Ndili pansipo ndinaona akuthothola masamba a bukulo, akuwafinya m'dzanja, atamugwira mkazi wake tsitsi n'kumawakankhira m'kamwa mong'ambikamo.

"Idya! Si umafuna sukulu? Idya!"

Mayi wamasiye uja sindinamuone akutuluka. Ndinangomuona akulowa, khasu atalitembenuza, n'kumenya bamboyo ndi mpini pakati pa msana. Bamboyo anagwada. Asanadzuke, amayi ena anali atatenganso makasu awo. Amene analibe khasu anavula nsapato, wina ananyamula benchi laling'ono la ana. Anamumenya m'nthiti, m'miyendo, m'mutu. Anayesa kukwawira kukhomo, koma anamukoka miyendo n'kumubweza. Amayi amene ndinkawadziwa ngati anthu amanyazi, oti ukawafunsa funso amabisa nkhope m'chitenje, ankakuwa mawu amene sindingawalembe pano. Ena sankatchula za iye n'komwe, ankatchula amuna awo.

Chimene ndinachita ine sindinauzepo munthu kwa zaka zambiri. Chitseko cha kalasiyo chinalibe loko, ndiye tinkachiimika ndi njerwa. Nditadzuka, khutu likutuluka magazi, njerwayo inali pafupi ndi phazi langa. Bamboyo anali atagona chafufumimba, sakubwezeranso, tcheni chili kutali. Dzanja lake lamanja linali litatambasuka pa simenti. Ndinanyamula njerwayo ndi manja awiri n'kuigwetsera pamkono, pamwamba pang'ono pa dzanja, ndi mphamvu zanga zonse. Khutu limodzi lomwe linatsalalo linamva fupa likuti thyo, ngati nzimbe. Iye analira ngati mbuzi. Sindinachite zimenezo poteteza wina aliyense, chifukwa ngozi inali itatha kale. Ndinazichita chifukwa ndinafuna.

A katekisiti ndi amene anamupulumutsa. Anali akubwera ku kwaya pamene anamva phokoso. Analowa akuthamanga, nadzigwetsa pamwamba pa bamboyo, mpini wina n'kuwapeza paphewa iwonso.

"Basi! Basi, amayi! Mupha munthu!"

Amayi anaima, akupuma mwawefuwefu. Wina anayamba kulira, wina anatuluka kukasanza kuseri kwa kalasi. Mkazi uja anali atakhala pansi pakona, akutulutsa mapepala onyowa ndi magazi m'kamwa, limodzilimodzi.

Onse awiri anawatengera kuchipatala cha pa boma pa galimoto imodzi, ine n'kukwera nawo kutsogolo. Bamboyo anathyoka nthiti ziwiri ndi mkono. Mkazi wake anamusoka mlomo. Ine anandiuza kuti mwana wa khutu wabooka, ndipo mpaka lero munthu akandiyankhula kumanzere ndimachita kutembenuka.

Apolisi atabwera kusukulu anafunsa amayi mmodzimmodzi kuti anathyola mkono ndani. Aliyense anayankha kuti kunali chipwirikiti, sanaone. Mayi wamasiye anati, "Lembani kuti ndine, ngati mukufuna dzina. Mpini wa pamsana uja unali wanga." Za njerwa palibe anatchula, ngakhale kuti osachepera asanu anandiona. Nanenso nditafunsidwa ndinati ndinali pansi, sindinaone. Nkhaniyo inathera m'kukambirana kwa mabanja, poti mbali zonse zinali ndi milandu. A hedimasitala anatseka sukulu ya kwacha mpaka mvula itagwa, ndipo itatsegulidwa anabwera amayi asanu ndi mmodzi okha. Ena amuna awo anawaletsa.

Chimene chinandidabwitsa n'chakuti womudikirira bamboyo kuchipatala anali mkazi wake yemweyo. Ndinapita kukamuona mayiyo patatha masiku anayi. Ndinamupeza kumalo ophikira odikirira odwala, akupalasa moto, mlomo uli chotupa, ulusi wakuda ukuonekera. Ndinamufunsa chifukwa chake sanasiyire abale a mwamunayo.

"Amayi awo ndi okalamba, alongo awo ali ku Chipata," anayankha movutika. "Ndiwasiye afe ndi njala?"

"Ndiye mubwerera nawo kunyumba?"

"Ayi. Akangoyamba kudya okha ndi dzanja linalo, ine ndikupita. Amalume abwera kale kudzatenga ana."

Ndinamupepesa chifukwa cha kuseka kuja.

"Munaseka nonse," anatero. "Chaka chonse mumandiona ndikubwera ndi zotupa, palibe anafunsa. Tsiku limene ndinayankhula, munaseka."

Anaphula mphika, nandiuza kuti nthawi yoona odwala yakwana, ngati ndikufuna kulowa ndilowe. Sindinalowe.

Anachitadi zimene ananena. Patatha masabata awiri anapita kwa amalume ake kufupi ndi malire, ndipo sanabwererenso. Ndinamva kuti anayamba geni yogula zitenje ku Zambia n'kumagulitsa m'misika ya kuno. Sitinaonanenso.

A katekisiti sanandinene chilichonse, ngakhale ndinkadikira kuti tsiku lina adzandikumbutsa mawu awo aja. Tsiku lotsatira chipwirikiticho ndinawapeza m'kalasi m'mamawa, ana asanafike, akukolopa magazi pa simenti ndi dzanja limodzi poti phewa linali litatupa. Ndinatenga chikolopa china n'kugwada pambali pawo. Tili mkati mokolopa anati, osandiyang'ana, "Ndinali pawindo, aphunzitsi, ndisanafike pakhomo." Ndinadikira kuti apitirize. Anangofinya chikolopa mu ndowa n'kundipempha kuti ndisunthe desiki.

Mkono wa bamboyo unapola mokhota. Kabaza anasiya, poti sankatha kugwira buleki katundu akalemera. Anayamba kukonza njinga pansi pa mtengo wa mango pa Kamwendo pomwepo, akugwira sipanala ndi dzanja lamanzere. Ndinakhala ku Mchinji zaka zina zinayi, ndipo minibasi yopita ku boma ndinkakwerera pafupi ndi mtengowo. Sindikudziwa ngati ankadziwa kuti anali ine. Anali chafufumimba pamene ndinkanyamula njerwa, koma m'mudzi nkhani sizibisika.

Tsiku lina tayala la njinga yanga linaphwa ndili pa Kamwendo, ndipo okonza ena onse anali atapita kumaliro. Ndinaikankha mpaka pamtengopo. Anandiyang'ana, nayang'ana njinga.

"Mwaswera bwanji, aphunzitsi?"

"Ndaswera bwino, kaya inu, bambo?"

Anaitembenuza njingayo, koma tayala linamukanika kuchotsa ndi dzanja limodzi. Anayesa kawiri, kachitsulo kakuterereka. Kenaka anati, "Tagwirani apa." Ndinanjuta n'kugwira limu, iye n'kumatokosa, mitu yathu itatsala pang'ono kugundana. Anamata chubu, anapopa, ndinalipira, ndipo ndinapalasa kubwerera ku Ludzi.