Bambo Fackson Kamwendo, Msilikali Amene Anakana Kulumbira

Akhristu anzanga a mpingo wathu wa ku Highfield, Lachiwiri lapitali tinaika m'manda Bambo Fackson Kamwendo, amene kwa zaka makumi awiri akhala akutitsegulira tchalitchi ndi kutilizira belu. Abusa apempha ine, Lawson Mbewe, mlembi wa mpingo, kuti ndilembe za moyo wawo m'kalata ya mwezi uno wa Malichi 1979. Ndavomera ndi manyazi, chifukwa nkhaniyi ikundikhudza, ndipo mbali yanga si yokoma.

Bambo Fackson anabadwira ku Ntcheu cha m'ma 1922. Anali ndi mkulu wawo mmodzi, dzina lake Alufandika. Mu 1941 mesenjala wa boma anafika kwawo ndi mayina a amuna ofunika kunkhondo, ndipo dzina la a Alufandika linalipo. Akazi awo anali atangochira kumene, mwana asanatuluke n'komwe m'chikuta. Tsiku lokwera lole, dzinalo litaitanidwa, amene anayankha anali a Fackson. Palibe anafunsa. Anawayeza chifuwa, n'kuwapatsa nambala, ulendo wa kunkhondo umene unakathera ku Burma.

Za kunkhondoko sankakonda kukamba. Anabwerako mu 1946 ndi kachitsulo ka bomba m'chiuno, khutu limodzi logontha, ndi kabuku ka usilikali kolembedwa dzina la mkulu wawo. Atalowa kalasi ya ubatizo, anaima pamaso pa akulu a mpingo n'kuulula zimene anachita. Akulu ena anaseka, nati limenelo linali bodza lopulumutsa m'bale. Iwo anayankha kuti, "Linali bodza ndithu. Ndikanafera m'nkhalango muja, amayi akanalira mwana amene ali moyo." Kuyambira tsiku limenelo sanayankhirenso dzina la wina.

Anakwatira Mayi Rebeka, ndipo mu 1951 anachoka kwawo n'kubwera kudziko lino la eni kudzafuna ntchito. Anaipeza pa fekitale ina ku Willowvale, yonyamula zitsulo, ngakhale ankatsimphina. Patapita zaka anapatsidwa nyumba ya kanzuru, khonsolo ya mzinda uno, ya zipinda ziwiri. Mulungu anawapatsa mwana mmodzi yekha, Laston. Amene munafika kale muno mukudziwa ntchito imene bambowa anadzipatsa popanda wowatuma. Mnyasa, munthu wochokera kwathu, akafera ku hositelo wopanda m'bale, iwo ndi amene ankasambitsa mtembo, kufunafuna keyala ya kwawo, ndi kundibweretsera kuti ndilembe kalata ya maliro. Ankati, "Munthu asachoke ngati katundu, kwawo amve."

Boma la azungu litadzilamulira lokha mu 1965, ntchito zinayamba kuvuta, ndipo nkhondo ya m'tchire yolimbana ndi bomalo itakula zinafika poipa. Mu 1975 fekitale inawachotsa chifukwa mwendo unali utakana. Chaka chotsatira Laston anachoka monga anachokera anyamata ambiri olowera kutchire, ndipo sindilemba zambiri pamenepo. Kalata yake sinabwerepo. Mayi Rebeka ankagulitsa tomato pa msika wa Machipisa, koma tomato sangadyetse anthu awiri n'kulipiranso renti. Chakumapeto kwa 1977 chidziwitso chinafika chakuti akalephera kulipira achoke m'nyumba. Mayi Rebeka sankaopa kuzizira kapena manyazi. Ankaopa kuti nyumba imeneyo ndi khomo lokhalo limene mwana wawo akulidziwa.

Ndine amene ndinamva kuti m'tauni muli ofesi yothandiza asilikali okalamba a nkhondo yachiwiri ndi kapenshoni ka mwezi ndi mwezi. Kanali kochepa, koma nyumba kakanaisunga. Tinakwera basi m'mawa wina wa Januwale 1978. Mamendulo awo anawakulunga m'kampango n'kuwabisa m'thumba la jekete, chifukwa masiku ano munthu wovala zotero muno amatchedwa mutengesi, munthu wogulitsa anzake.

Kalaliki wa paofesipo anali munthu waulemu. Anaika kabuku ka usilikali pambali pa chitupa, n'kuyang'ana uku ndi uku.

"Sekuru, pano pali anthu awiri," anatero m'Chishona, kuwalemekeza ngati agogo. "Kabuku kakuti Alufandika, chitupa chikuti Fackson. Koma hazvinetsi, palibe vuto, anthu akwanu ambiri ali ndi mayina awiri. Mulumbira dzanja lili pa Baibulo kuti Alufandika ndi Fackson ndi munthu mmodzi, mudinda chala, basi."

Ndinawafotokozera mokweza kukhutu lawo lakumva. Anapukusa mutu.

"Si munthu mmodzi. Achimwene ali moyo ku Ntcheu, akulima mbatatesi."

Kalaliki uja anayang'ana padenga ngati sanamve. Ine ndinawakokera panja, mtima ukuwira.

"Bambo, chitsulo chili m'chiunomo chili m'thupi la ndani?"

"Langa."

"Ku Burma anapita ndani?"

"Ine."

"Ndiye mukumubera ndani? Boma limeneli latidyera zingati? Tadindani chala, tipite!"

"A Mbewe, pepalalo silikufunsa za chiuno. Likuti ndinene pa Baibulo kuti ndine Alufandika. Bodza limeneli ndinalitula tsiku la ubatizo. Ndikalitolenso lero, ndili pafupi kukaonekera pamaso pa Mulungu?"

Anandipempha kuti m'malo mwake ndilembe zoona zonse, kuyambira pa mesenjala mpaka pa lole. Ndinalemba, koma ndi mkwiyo. Kalaliki analandira kalatayo pamodzi ndi kabuku, n'kunena chapansipansi kuti, "Mudhara uyu wadzitsekera yekha." Patapita miyezi itatu yankho linabwera, mizere itatu yokha. Linati m'kaundula wa asilikali mulibe munthu wotchedwa Fackson Kamwendo, ndipo nkhaniyo yatsekedwa. Kabuku sikanabwerenso.

Mu Juni, kukuzizira koopsa, katundu wawo anatulutsidwa panja. Bedi, mpando umodzi, sutikesi ndi mbale zinakhala pamsewu anthu akudutsa. Mayi Rebeka anakhala pa sutikesi osalira. Ndinawatengera ku kachipinda ka malata kuseri kwa nyumba yanga, kamene ndinkasungiramo makala. Musandiyamike. Ndinachitira mayiwo, ndipo bambowo ndinakhala miyezi iwiri ndikuwapatsa moni wa pakamwa chabe. Ndinkati chikhristu chawo n'chouma mutu, chogonetsa mkazi pamakala.

Iwo sanadziteteze ngakhale kamodzi. Sabata yomweyo anatsimphina kupita ku nyumba yawo yakale, kumene kunalowa banja lothawa nkhondo kumidzi. Anawasonyeza kagwiridwe ka mpopi wovuta uja ndi pamene denga limadontha, n'kupemphera nawo. Lamulungu lililonse belu linkalira pa nthawi yake. Amene munkadandaula kuti likulira mofooka, dziwani kuti wolizayo nthawi zambiri anali atangomwa tiyi wopanda shuga.

Chifuwa chinawagwira m'nyengo yozizira ija ndipo sichinawasiye. Loweruka lapitali masana anandiitanitsa kuti ndiwerenge salimo. Nditatha, anatembenukira kwa akazi awo.

"Amake Laston, ndinakuchotserani nyumba."

"Munandichotseradi," anatero mayiwo. "Sindinama kuti sizikuwawa. Mwana wanga akadzabwera adzagogoda pakhomo pa eni."

"Mundikhululukire."

Mayi Rebeka anawakonzera bulangete pachifuwa.

"Ndinakwiya, bambo ake Laston, ndipo mawa ndidzakwiyanso. Koma zaka makumi atatu simunandinamizepo, ndiye ndikanadabwa mukanayambira kwa Mulungu. Ndakukhululukirani. Gonani."

Anagwira dzanja la akazi awo, n'kutseka maso ngati munthu amene waweruka kuntchito. Dzuwa lisanapendeke anali atapita, mwakachetechete, popanda kubuula.

Abusa anandiuza kuti ndimalize ndi phunziro la moyo umenewu. Ndayesa, koma ndikalemba lokoma ndikhala ndikunama pa maliro a munthu amene anakana kunama. Zoona n'zakuti pepala lija likanabwera kwa ine, ndikanadinda chala, ndipo ambiri a inu mukanadinda. Mpaka lero ndikayang'ana kachipinda kaja mtima umandiuza kuti ndinali kukhoza. Koma ndinaona mmene bambowa anafera, opanda mantha ngakhale pang'ono, ndipo sindikudziwa ngati ine ndidzafa choncho. Mulungu awalandire mtumiki wake, ndipo atichitire chifundo ife otsala.

Mayi Rebeka akadali kuseri kwa nyumba yanga. Tsiku lililonse akaweruka pa Machipisa sabwera molunjika. Amakakhala pamwala kutsidya kwa msewu, moyang'anana ndi nyumba yawo yakale, dengu lili pamiyendo, kuyang'ana mnyamata aliyense wokhota pakona. Dzulo, tsiku loyamba chichokereni anthu pamaliro, anapitanso. Mukawaona pamenepo musawauze kuti apite kunyumba. Khalani nawo pang'ono, muwathandize kuyang'ana.