Zipolopolo Ziwiri za Amalume

Mundikhululukire kuti ndalimba mtima kulemba. Sukulu yanga ndi yakumudzi, ndipo sindine munthu wozolowera kuyankhula pagulu. Komanso nkhaniyi ikukhudza amalume anga, munthu amene ndinaphunzitsidwa kuti ndisamamuyankhe. Ngati pena ndaoneka wopsa mtima, mudziwe kuti ndayesetsa kudzigwira.

Chimene ndimakumbukira poyamba ndi chitini cha mkaka, chadzimbiri, chimene chinkakhala kunsi kwa bedi la amalume. Munali makoko a zipolopolo zowombedwa kale, ofiira, kunsi kwake kwa chitsulo chachikasu. Ukanunkhiza limodzi, fungo lake linali ngati la machesi ongozima kumene. Amalume sankataya khoko ngakhale limodzi, ndipo sankanena chifukwa chake.

Iwo anagwirapo ntchito ya ulonda pa esiteti ya tiyi. Atapuma anagula mfuti yawoyawo, ya chiphaso cha boma, ndipo m'mudzi mwathu monse mfuti inali yomweyo. Munda wa amayi unali kumapeto kwa mudzi, kuchita malire ndi nkhalango ya esiteti. Chaka chilichonse chimanga chikayamba kukhwima, apusi ankatsika m'nkhalangomo. Amalume ankabwera m'mawa, kuwomba kawiri kapena katatu, kupha pusi mmodzi n'kumupachika pamtengo wa m'malire. Gulu lonse silinkabweranso mpaka tikolole. Chimwalirireni abambo zinkayenda chonchi, ndipo munda umenewu ndi umene unkatidyetsa ine, amayi ndi azichemwali anga awiri aang'ono.

Chaka chimene ndinali Sitandade 5 zipolopolo zinasowa. Amalume anakwera minibasi pa Luchenza katatu konse kupita ku Limbe, kusitolo imene ankagula. Ulendo woyamba anawauza kuti ndalama zakunja zoitanitsira katundu kulibe. Wachiwiri anawauza kuti abwere mwezi wamawa. Wachitatu anapeza zabwera zochepa, koma kuti ugule chimodzi unayenera kugulitsa tambala, ndipo pamene ankawerengera zam'thumba, munthu wina wa galimoto anatenga bokosi lonse. Anabwerako ndi buledi mmodzi ndi nkhani yoti atifotokozere sabata yathunthu. Zipolopolo zabwino anatsala nazo ziwiri. Anazikulunga m'kampango n'kuziika m'thumba la jekete.

Mwina amene simunakhale kuno simungaone vuto. Miyezi imene chimanga chimakhwima ndi yomweyo imene tiyi amaphuka kwambiri. Amayi anali otchola tiyi. Ankanyamuka kusanache, dengu kumsana, pepala la pulasitiki m'chiuno lotchingira mame, ndipo kapitawo sankamva za apusi. Ukajomba m'nyengo imeneyi, ena ofuna ntchito amakhala ataima kale pageti. Choncho wolondera munda anali ine.

Ndinkafika mame asanaume m'masamba, kabudula atanyowa mpaka m'chiuno. Ndinali ndi chigoba cha ndowa ndi mtengo woimbira. Nkhungu ikamachoka pamwamba pa tiyi, fungo la masamba owuma linkabwera kuchokera ku fakitale, ndipo nthawi yomweyo nthambi za m'nkhalango zinkayamba kugwedezeka. Ndikathamangira kumtunda, apusi ankalowa kumunsi. Pusi sadya chisononkho n'kumaliza ayi. Amasenda, kuluma kawiri, kutaya, n'kuthyola china. Kusukulu ndinkafika belu la bureki litalira kale. Aphunzitsi sanandimenye, anangondifunsa pamaso pa kalasi yonse ngati apusiwo ndi amene adzandilembere mayeso. Ndinayang'ana pansi. Mpaka lero ndikamva chigoba chikulira ndimamva manyazi a tsiku limenelo.

Amalume sanatisiye, zimenezo ndisawanamizire. Ankabwera tsiku lililonse, mfuti paphewa, jekete atamanga mabatani onse. Akaona apusi ankagwada bondo limodzi, kutsinzina diso, n'kuwalozetsa mfuti. Masiku oyamba apusiwo ankathawa ndithu. Itatha sabata ankangosuntha pang'ono. Kenako panali chipusi china chachimuna, chodukira mchira, chimene chinkakhala pachulu chisononkho m'manja, kumatafuna chikuyang'ana amalume, iwonso akuchiyang'ana kudzera pamphuno ya mfuti. Ine kumbuyo ndinkapemphera chamumtima kuti awombe. Sanawombe. Ankadzuka, kusasa bondo, n'kunena kuti chinali patali, kapena kuti chinakhala moyang'ana nkhalango ya esiteti, kumene saloleza kuwomba. Mawu amene ankakonda anali akuti, “Chipolopolo sichiwombedwa mwaphuma.”

Amayi anayesa njira zawo. Madzulo ena, akupukusa mchere pamwala, ananena ngati nkhani wamba kuti bambo wina wa kutsidya kwa mtsinje ali ndi agalu anayi osakira, ndipo akhoza kutibwereka. Amalume anasiya madzi osamba m'manja. Anati kulowetsa agalu a mwamuna wina m'munda wa mbumba yawo, iwo ali moyo, n'chimodzimodzi kulengeza maliro awo. Anafunsa ngati amayi akufuna mudzi uziti mwinimbumba watha ntchito. Amayi anati sanatanthauze zimenezo, ndipo nkhani ya agalu inathera pomwepo. Pano ndikaganiza, agalu anayi aja akanapulumutsa theka la munda. Koma kwathu mlongo wamwamuna wa mayi ako ndiye mwini mawu, ndipo apusi sankadziwa za mwambo umenewu.

Kenako kunabwera nzeru ya makoko. Amalume anamva kuti pa Luchenza pali mmisiri wokonza njinga amene amadzazanso zipolopolo zowombedwa kale. Anatulutsa chitini chija mosangalala ngati munthu amene maloto ake akwaniritsidwa, n'kutiuza kuti anthu ankawaseka pachabe. Anapita nacho Loweruka, ndipo nkhuku ya amayi yoikira mazira inapita nawo limodzi. Anabwera ndi zipolopolo zisanu ndi chimodzi, pakamwa pake atamata ndi phula la kandulo. Zimene mmisiriyo anaikamo sindikuzidziwa, ndipo ndikukayika ngati amalume anafunsa.

Tsiku loyesa kunabwera anthu. Amuna atatu a m'mudzi anaima kumbuyo kwa mtengo wa mango, ana anatseka makutu. Chipolopolo choyamba chinangoti khe, osalira. Chachiwiri chinalira fuu, ngati mphika wa nyemba ukasefukira pamoto, ndipo utsi wakuda unatuluka pang'onopang'ono. Amalume atatsitsa mfuti, tizitsulo tina tinagubuduka kuchokera mumpope wa mfuti n'kugwera pa nsapato zawo. Chipusi chodukira mchira chinatsika pachulu, kuyenda mapazi angapo, n'kubwererapo. Mmodzi wa amuna aja anatsokomola kwa nthawi yaitali kwambiri.

Aliyense akanaona kuti mvula inali ikugwa tsiku ndi tsiku, ndipo amalume anayenda ndi zipolopolozo m'thumba kuchokera pa siteji atanyowa thupi lonse. Iwo anaona zina. Anati mfuti yatsemphedwa. Mwina munthu wamkazi anaidumpha itagonekedwa pakhonde, kapena mchere wa m'ndiwo zimene ankadya kwathu unkathiridwa ndi dzanja losayenera. Analamula kuti kuyambira tsiku limenelo amayi asamathire mchere, azithira mchemwali wanga wamng'ono, wa zaka zisanu. Amayi anavomera. Kwa masiku asanu ndi atatu tinadya chigwada chimene lero chinkawawa mchere, mawa chopanda n'komwe, malinga ndi mmene kadzanja kaja katapira. Mundamo mapesi opanda kanthu ankachuluka, ndipo ukayenda m'mizere unkaponda zisononkho zolumidwa, zitayamba kuchita nkhungu.

Mchere utalephera, amalume anavomereza mwakachetechete kuti mwina n'chinyezi. Sananene kwa aliyense. Anangolowa m'khitchini ya amayi masana, kulibe munthu, n'kuika zipolopolo zinayi zotsala zija patsanja la pamwamba pa moto, pakati pa chimanga cha mbewu, kuti ziume ndi utsi monga mbewu imaumira. Amayi anazipeza pobwera kuntchito, moto atausonkha kale, azichemwali anga atakhala m'mbali mwa mafuwa kudikira mbatata. Anazitenga ndi chipande, kutuluka nazo, n'kukaziponya m'mgolo wa madzi a mvula. Kenako anandituma kuti ndikaitane amalume.

Sindinawaonepo amayi ataimirira poyankhula ndi amalume kufikira tsiku limenelo. Sanakweze mawu.

“Achimwene, ana anga anali pamoto apa.”

Amalume anati utsi suphulitsa chipolopolo, amene anagwirapo ulonda amadziwa.

“Sindikufunsa za utsi. Muli nazo ziwiri zabwino m'jeketemo. Kawombeni mawa. Chimanga chatha.”

Amalume anagwira thumba la jekete, ngati wina akufuna kuwalanda. Kenako anati, “Ndikawomba ziwirizi, chaka chamawa ndidzabwera pano ndi chiyani, chemwali?”

Ndinadikira kuti amayi awayankhe kuti chaka chamawa chidzapeza ife titafa ndi njala. Ine mawuwo ndinali nawo kale pakamwa. Amayi anangowerama n'kutola chipande, n'kubwerera kukhitchini. Usiku umenewo mchere anathira okha, ndipo amalume anadya ndiwozo.

Patapita masiku anayi kunali tchuthi cha boma, esiteti inatseka. Amayi anatidzutsa m'mamawa n'kutipatsa matumba. Tinathyola chimanga chonse chimene chinatsala, chisanaume, china ukachibaya ndi chikhadabo chikutulukabe mkaka. Anachiyanika pamikeka pabwalo, kumachilowetsa mvula ikamabwera, china n'kuchisinja kukhala ufa wa chitibu. Chambiri chinafwapa, china chinaola. Nkhokwe sitinaimange n'komwe chaka chimenecho, panalibe choikamo, ndipo pofika Ogasiti tinali tikudya chogula pamsika.

Amalume anabwera kudzathandiza kututa. Thumba linali paphewa lina, mfuti paphewa linalo, ndipo inkawakola m'mapesi nthawi ndi nthawi. Titamaliza, amayi anasankha zisononkho zazikulu, zosalumidwa, n'kudzaza dengu. Anagwada n'kuliika patsogolo pa amalume, anthu odutsa m'njira akuona, n'kuwathokoza chifukwa cholondera munda. Anandiuza kuti ndiwanyamulire mpaka kwawo. Njira yonse ndinkalira mwakachetechete, dengu lili pamutu, ndipo amalume ankaganiza kuti ndi kulemera. Anandiuza kuti ndilimbe, ndine mwamuna.

Sindinkamvetsa chifukwa chimene munthu angathokozere amene wamudyetsera chimanga kwa apusi. Sindinkadziwa kuti anansi a kumunsi ankasuntha malire a munda wathu chaka ndi chaka, ndipo chimene chinkawaletsa kufika pachulu ndi kuona bambo wachikulire akudutsamo m'mawa uliwonse ndi mfuti imene aliyense ankadziwa kuti ili ndi zipolopolo. Sindinkadziwanso kuti munthu akhoza kuopa thumba lopanda kanthu kuposa njala ya mbumba yake. Tsopano ndikudziwa, koma ndisaname kuti mtima unatsika. Agalu aja akanabwera basi.

Munda tinautseka tsiku la tchuthi lija, dzuwa likupendeka, pa 3 Malichi.