Mlamu Wanga ndi Mabokosi a Chindevu

Anthu ankanena kuti malemu dokotala Chindevu a pachipatala chathu, aja ankang'amba anthu pamimba n'kuwasoka ngati thumba, ankasunga matenda m'mabokosi. Akuti nthenda akaichotsa mwa munthu ankaitsekera pakati pa mapepala, ndipo wotsegula inkamulumphira. Ine sukulu ndinalekera panjira, koma sindimeza zilizonse. Kungoti pakhomo la chipinda cha mabokosicho ndinkadutsa mofulumirirako.

Mlamu wanga, mng'ono wa akazi anga, wakolopa pachipatalapo mpaka msana kupindika. Ndi wamasiye, amalera yekha adzukulu. Magazi saopa, mtembo saopa.

Tsiku lina kunabwera mayi wa ku yunivesite wofuna kulemba mbiri ya Chindevu, ndiye akuluakulu anauza mlamu kuti azimunyamulira mabokosi. Anasenza, n'kumasula zingwe ndi mano, n'kumavundukula makalata ndi zithunzi, chala akunyowetsa ndi malovu. Potukula maso anangoona mayi uja wavala magolovesi, kukamwa atatseka ndi kansalu.

Wa m'chipatala aliyense amadziwa: ukaona magolovesi ndi kansalu, m'chipindamo muli choopsa.

Mlamu anafika kwathu akukhosomola.

"Alamu, ine ndapita."

"Musanapite mundisiyire wailesi ija."

Sananditukwane n'komwe. Apo ndinadziwa kuti zavuta.

"Mayi aja adziteteza, ine andisiya manja pamtunda. Ndanyambita mapepala a Chindevu! Ana aja awalera ndani?"

Anayamba kudya payekha, mbale yake, kapu yake. Adzukulu akamuthamangira ankawapirikitsa ndi tsache, misozi ili chuchuchu. Nanenso pakhosi panayamba kundikanda, poti ndinamupatsa moni wa dzanja. Ndinasamba m'manja mpaka akazi anga anabisa sopo.

Kukayezetsa mlamu ankakana, ati waona ambiri akulowa ndi miyendo yawo n'kutuluka pamachira. Tinachita kumukoka. Kunena zoona anamukoka ndi akazi anga, ine ndinkatsogolera patali ndithu.

Pakhonde tinakumana ndi mayi uja, mlamu n'kumugwira mkono.

"Amayi, munandibisiranji?"

Mayiyo atamva nkhani yonse anagwira pakamwa.

"Ayi, amayi! Magolovesiwa ndimatetezera zithunzi, thukuta la m'manja limaziwononga. Kansaluka n'ka fumbi."

Mlamu sanakhulupirire mpaka madokotala anamujambula pachifuwa ndi kumuyeza makhololo. Podikira zotsatira pabenchi, ine nthabwala zinandithera.

Sanamupeze ndi nthenda. Chinali chifuwa cha fumbi. M'mabokosi a Chindevu munali mapepala basi.