Botolo la agogo Nora

Fungo la viniga wowira likandipeza, ndimabwerera ku Balbriggan, tauni ya kuno kwa azungu kumene ndinakulira, kuseri kwa mpanda wamatabwa, kumene agogo Nora ankatakasa mphika mawindo ali otsegula, nthunzi yake ikuluma m'maso mpaka kwathu. Anali mayi wamasiye wa konkuno, nyumba yawo yogundana ndi yathu. Tomato wawo sankapsa poti dzuwa la kuno n'laulesi, ndiye ankamuphika ali wobiriwira pamodzi ndi maapozi, anyezi ndi shuga. Ankati ndi chatini.

Botolo loyamba limene anatipatsa, amayi anayesa jamu, n'kutipakira pa buledi womwera tiyi. Tinachita tsinya, koma tinamaliza. Polibweza anaikamo mtedza wokazinga, chifukwa kwathu chiwiya cha mnzako sichibwerera chopanda kanthu. Linayenda choncho chaka chathunthu.

Kenako ntchito zinayamba kutha m'dziko muno, ndipo ya amayi yokolopa ku eyapoti inathera pomwepo. Botolo linakhala m'kabati milungu ndi milungu. Amayi akamva agogo akuyanika zovala, ankathawira m'nyumba.

Tsiku lina agogo anandiimitsa pampanda. Ndinali ndi zaka naini.

"Mwanawe, amayi ako ndawalakwira chiyani?"

Ine wamanyazi ndinayang'ana nsapato zanga. "Tilibe choika m'botolo lanu."

Analoza pawindo lathu. "Nanga tofiira ito?" Anali kambuzi amene amayi anadzala m'chitini.

"Tochepa chonchi ndi mphatso?" amayi anadandaula nditawauza. Komabe anathyola, nati ndikawachenjeze kuti aike kamodzi kokha mumphika. Manyazi anandigwiranso. Ndinangopereka botolo n'kuthawa.

Agogo anathira tonse. Masana amenewo tinamva agogo akutsokomola, ndi dzina la Mariya likuitanidwa mokuwa. Amayi anathamangirako, ataiwala zobisala, n'kuwapeza misozi ili mbwe, supuni m'manja, akulawabe. Onse awiri anaseka mpaka kukhala pansi.

Chatini ameneyo anazungulira msewu wonse. Namwino wa ku India anati tsopano wafanana ndi wa kwawo. Bambo wina wa ku Joni anati ayi, ndi wa kwawo.

"Kanganani," anatero agogo, "koma mabotolo anga abwere."

Agogo Nora anatisiya kale. Manyazi sanandichoke, koma kambuzi alipo pawindo langa ku Swords, tauni imene ndikukhala tsopano. Munthu watsopano akasamukira pafupi, ndimagogoda, mwana kumsana, botolo la kambuzi m'manja, ndipo ndisanathawe ndimayesetsa kunena: "Samalani, akuwawa."