Kuchoka Kumanda Kupita Pachiwongolero

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi amalume. Titatuluka m'tchalitchi ku Nachisaka anandikokera kwa a Gwaza, eni lole yonyamula fodya wa alimi. "Uyu laisensi ali nayo, mowa samwa. Vuto lake n'kuwerenga basi." Sananame. Ine ngakhale pepala lokulungira mandasi ndimayamba ndaliwerenga, mandasiwo akuzizira.

Ntchito ndinaigwira msanga. M'mawa kuona oyilo, madzi ndi mabuleki, kugogoda matayala ndi sipanala, kusanja mabelo, kufunditsa lona, kukunga zingwe. Potsika mapiri a ku Ntchisi umaika giya yaing'ono, buleki sumaikakamira.

Sabata ina apongozi awo a Gwaza anamwalira. Thupi ndinakatenga ndine kuchipatala. Ndinatuta nkhuni, akwaya, achibale ochokera kutali, n'kuchezera pasiwa masiku awiri ngati mwamuna wina aliyense. Titangobwera kumanda, ndisanasambe n'komwe m'manja, a Gwaza anandigwedezera makiyi.

"Mabelo a Nabanda akudikira. Mawa akadzuke ali pamzere ku okushoni."

"Bwana, masiku awiri sindinaone tulo."

"Masiku awiri simunagwire ntchito. Maliro ndi ntchito?"

Ndinawafotokozera zomwe ndinawerenga m'magazini ina, kuti woyendetsa ndege amamuwerengera maola, akakwana samulola kuuluka mpaka atagona mokwanira, ngakhale anthu atakwera kale.

Anaseka. "Chabwino a Payiloti, ndege yanu ndi iyo. Kapena makiyi ndipatse wina?"

Ndinalandira makiyiwo. Kuwerenga konse kuja, pamapeto pake ndinaopa njala.

A Nabanda, mayi wamasiye, anakhala nane kutsogolo kuperekeza fodya wawo wa chaka chonse. Dzuwa linali likuswabe mtengo. Ndikukumbuka ndikuika giya yaing'ono pamwamba pa chitunda. Kenako ndinangomva akukuwa dzina langa, lole itapendama kale mumtsinje. Zingwe zinaduka, mabelo anayi anamwa madzi. A Nabanda anathyoka mkono.

A Gwaza atafika anazungulira lole yawo kawiri asanafunse za mayiwo. Kenako anauza anthu omwe anasonkhana kuti, "Ndikudabwa. Dalaivala ameneyu anali atapuma masiku awiri." Anthu ena pamenepo ndinali nawo pasiwa, utsi umodzi tinatsokomola. Palibe anandiikira umboni. Mpaka lero ndikakumbuka mawu amenewo chakudya chimandiwawa m'kamwa. Ntchito inathera pomwepo.

Ndinapita kukawazonda a Nabanda kuchipatala ku Mtengowanthenga. Sanandikalipire, bola akanatero.

"Mwanawe, ukanandiuza kuti sunagone, fodya akanadikira. Nanga ndi wa a Gwaza?"

Ndinali nditauza a Gwaza, munthu amene ankatsala kunyumba. Amene ankakwera nane sindinamuuze.

Pano ndimayendetsa minibasi. Ndikachezera, kaya pasiwa kaya ndi mwana wodwala, sindikanong'onezanso abwana kuseri. Ndimanena pasiteji, okwera onse akumva: "Abale, ine sindinagone." Sindinaonepo wotsala pampando.