Mlamba wa Amayi

Dziwe lathu linali kumunsi kwa dimba, m'mudzi wa kuseri kwa Chitakale, ndipo munali nsomba zosadya zofanana. Chilunguni chinkafuna masamba, a mbatata kapena a chinangwa. Makumba ankadya madeya, ndipo ankanenepa madzi akabiriwira ndi zitosi za nkhuku. Pansi penipeni, m'matope, munali mlamba umodzi. Umenewo masamba sunkawayang'ana n'komwe. Unkafuna chamoyo.

Mlambawo anaponyamo ndi amayi anga. Anautola m'ngalande madzi atasefukira, uli ngati chala, n'kubwera nawo m'chitini. Chaka chomwecho anadwala n'kumwalira, ine ndikadali wamng'ono. Abambo anali atatsogola kale. Ndinatsala ndi anganga, amayi awo a amayi anga, ndi dziwelo.

Anganga sankakamba za mwana wawo. Koma tikakoka ukonde mlamba n'kukodwa, ankaugwira ndi manja awo n'kuubwezera m'madzi. Chaka ndi chaka zinali choncho. Unakula kuposa mkono wa munthu wamkulu, ndipo ukamva njala unkameza tiana ta makumba ndi chilunguni, tomwe tinkayembekeza kuti tikakula tidzatipatsa ndiwo ndi sopo.

Choncho ntchito yanga inali kuukhutitsa usanayambe kusaka. Ndisanapite kusukulu ndinkakumba nyongolotsi kuseri kwa bafa, kapena kugumula chulu kufuna chiswe. Nthawi ya mvula ndinkatola nkhono n'kuziphwanya ndi mwala. Wina akapha nkhuku m'mudzi, ndinkakaima chapatali mpaka andipatse matumbo. Kadyetsedwe kake kanalinso kovuta. Madeya ndinkamwaza kosaya, masamba ndinkamanga kamtolo n'kukoleka pakamtengo kuti asamire, kenaka ndinkathamangira kozama kukaponya za mlamba zinzake zikadali kalikiliki. Ndikachedwa, makumba ankalanda chiswe chonse, mlamba n'kutsala ndi njala, ndipo tiana tinkaoneka kuti tachepa.

Abambo ena a dziwe loyandikana ndi lathu ankandiseka.

"Iwe, amalume ako a ndevu aja adzuka bwanji? Kadzutsa wawo lero n'chiyani, matumbo?"

Kenaka ankatembenukira kwa anganga. "Mayi, chinyama chimenechi chikumalizirani mbewu. Ndipatseni ine, madzulo ndikubweretserani mutu."

"Kadyeni wa m'dziwe lanu," anganga ankayankha osadzutsa nkhope.

Nditasiya sukulu ndinayamba kuthyola tiyi kuesiteti. Ndinkanyamuka mame asanaume, kubwera msana utauma gwa, zala zitang'ambikang'ambika. Zokumba nyongolotsi zinathera pomwepo. Anganga anayesa, koma mawondo anali atawakana. Ankangoponya madeya ali chikhalire m'mphepete mwa dziwe. Mlamba unkalawako madeyawo, koma sunkakhuta. Ine ndinkadziwa chimene chinkachitika pansi pa madzi. Mphamvu zoti ndichitepo kanthu ndi zimene ndinalibe.

Chilimwe chimenecho tinaphwetsa dziwe. Ndinali nditabwereka mabeseni kwa anzathu, koma nsomba zimene tinatola sizinadzaze ngakhale ndowa. Zinali zikuluzikulu zakale zokhazokha, kamwana ayi ngakhale kamodzi. Pakati pa matope mlamba unali gone, wonenepa, ukugwedeza ndevu pang'onopang'ono.

Anganga anauyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anayang'ana zala zanga.

"Watopa, mwanawe?"

Ndinkangochotsa matope kuphazi ndi kamtengo.

"Bambo uja usam'patse. M'poto mwanganso usalowemo. Kausiye kumtsinje."

Ndinausenza m'beseni nditauphimba ndi chiguduli chonyowa. Unkalemera, ndipo njira yonse unkadzigunditsa, madzi amatope akuyenderera m'khosi mwanga. Anthu amene ndinakumana nawo ankafunsa ngati ndikugulitsa, ine n'kumangopukusa dzanja. Pamtsinje sunachedwe. Unaterera n'kulowa pansi pa mizu ya mkuyu, madzi n'kukhala bata. Ndinatsuka beseni, n'kukhala kaye pamwala mpaka khosi linasiya kuwawa.

Mvula itayamba tinatenga mbewu ina ya nsomba kwa abambo aja. Inakula bwino ndi madeya ndi masamba basi, ntchito yoti ndinkaimaliza ndisanavule n'komwe zovala za kuesiteti. Ndiwo zinayamba kupezeka pakhomo.

Anganga kudziwe sanapitenso. Ankati ndi mawondo. Ndikabwera madzulo ankandifunsa ngati nsomba zadya. Ndikati inde, ankangoti, "Chabwino," n'kupitiriza kusankha nandolo m'lichero.